Kuchotsa nkhupakupa pa munthu ndi pa galu: malangizo a olima kudimba ndi pakhomo

Ambiri tikaona nkhupakupa yatikanirira pa mwendo timangoitsina ndi zikhadabo, kuisomola, kuiphwanya pamwala, basi nkhani yatha. Pakatha sabata mutu uyamba kuwawa, thupi litentha, tipita kuchipatala, ayeza malungo, sawapeza. Nkhupakupa ija tayiwala kalekale ndipo sitiitchula n'komwe kwa adokotala. Ndi galu n'chimodzimodzi: tikamazindikira kuti wasiya kudya, magazi amakhala atatha kale m'thupi. Malangizo awa ndi a inu amene mumagwira ntchito m'dimba, m'munda wa maluwa kapena pa kapinga, galu wanu akukutsatani pambuyo.

Zofunika kukhala nazo

- Kachitsulo kopanira kosongoka kunsonga, konga kamene amayi amazulira nsidze. Ngati palibe, ulusi wolimba wosokera zovala.
- Sopo, madzi ndi sipiliti.
- Kabotolo kokhala ndi chivindikiro.
- Magolovesi, kapena kajumbo kapulasitiki kovala kudzanja.
- Galasi lodziyang'anira ndi tochi. Ya pafoni ikwana.
- Thalauzi, masokosi aatali, majombo ndi malaya a manja aatali, makamaka a mtundu wowala.
- Mankhwala odzola othamangitsa tizilombo okhala ndi DEET, a 20 mpaka 30 peresenti.
- Mankhwala a nkhupakupa opangidwira agalu.
- Cholembera ndi kalendala, kapena foni yojambula.

Musanalowe m'dimba

1. Dziwani pamene zimabisala. Nkhupakupa siiuluka ndipo siidumpha. Imakwera kunsonga kwa udzu, kutambasula miyendo yakutsogolo, n'kudikira kuti chinachake chiikhudze. Choncho malo oopsa si pa bedi la tomato lolimidwa bwino ayi, koma m'mphepete: udzu wautali wa kumpanda, njira yodutsa m'dambo popita kukatunga madzi othirira, pansi pa tchire pamene galu amagona masana, ndi paliponse pamene ng'ombe ndi mbuzi zimadya msipu. Zimachuluka nthawi ya mvula, kuyambira cha mu Disembala mpaka Epulo, koma olima kudimba asadzinamize kuti m'chilimwe kulibe. Nthawi imeneyo ziweto zonse zimathamangira kudambo komwe kuli msipu wobiriwira, komwenso inu muli ndi ndiwo zanu.

Chenjezo: udzu wophimbira mbewu umene mwamweta kudambo, ndi manyowa otapa m'khola la ng'ombe, zimatha kubwera nazo nkhupakupa mpaka pakhomo. Udzuwo muuyanike padzuwa masiku angapo, kutali ndi pogona galu, musanauyale.

2. Valani moti ivutike kufika pakhungu. Miyendo ya thalauzi ilowe m'masokosi kapena m'majombo, malaya muwapisire. Anthu akuseka, asekeni nawo. Nkhupakupa ikagwera pa nsapato imayenda chokwera kufunafuna polowera, ndipo ikamayenda pamwamba pa nsalu yowala mumaiona isanalume. Amayi ovala chitenje, valani thalauzi m'kati tsiku lotchetcha kapena lomweta udzu.

3. Dzolani DEET m'akakolo, m'mikono ndi m'khosi. Osapaka pabala, m'maso kapena m'manja mwa mwana. Mukatuluka thukuta kwambiri mphamvu yake imatha msanga, ndiye werengani pa botolo kuti mubwereze pakatha maola angati.

Mukaweruka

4. Vulani zovala zogwirira ntchito panja kapena m'bafa, osati pabedi. Zikutumuleni, zichapeni ndi madzi otentha, ziyanikeni padzuwa, kenako muzisite. Madzi ozizira ndi sopo paokha sazipha zonse.

5. Sambani pasanathe maola awiri, ndipo podzipaka sopo muzidzifufuza ndi zala. Apa ndi pamene ambiri amalephera, chifukwa amayang'ana pamiyendo pokha. Nkhupakupa imakonda pofunda, pobisika, pamene khungu ndi lofewa: kuseri kwa mawondo, m'mphechepeche, m'chiuno modutsa lamba, pamchombo, kukhwapa, pansi pa mabere, kuseri kwa makutu ndi m'tsitsi. Kumsana gwiritsani galasi, kapena pemphani akunyumba akuoneni. Ana amene amasewera ndi galu muwafufuze inuyo, makamaka m'mutu ndi m'makutu.

Musamangofuna zikuluzikulu zotuwa zija. Yokhuta magazi, yofufuma ngati njere ya nsatsi, ndi yaikazi imene yakhala ikuyamwa masiku angapo. Tiana take tikangoswedwa sitifika ngakhale milimita imodzi, tili ndi miyendo isanu ndi umodzi m'malo mwa isanu ndi itatu, ndipo timagwera munthu tambiri nthawi imodzi. Kadontho kakuda kamene dzulo kunalibe, kosachoka mukakapukuta, kaunikeni ndi tochi. Kulumako sikupweteka, chifukwa malovu ake amachititsa dzanzi pamalopo.

Kuchotsa imene yaluma kale

6. Valani golovesi kapena kajumbo. Patulani tsitsi kapena ubweya kuti muone bwino pamene pakamwa pake palowera.

7. Panani pafupi kwambiri ndi khungu, pamutu pake penipeni. Osagwira mimba. Mukafinya mimba mumakankhira zam'kati mwake m'thupi lanu, ndipo tizilombo toyambitsa matenda timakhala m'menemo ndi m'malovu. Ngati mukugwiritsa ulusi, pangani kamfundo kotseguka, kakolekeni pamutu pake motsamira khungu, kokani mbali zonse ziwiri mpaka kagwire.

8. Kokani molunjika, pang'onopang'ono, osaleka. Osapotokola, osatsomphola. Khungu litukuka pang'ono, inu pitirizani ndi mphamvu yomweyo. Pakamwa pa nkhupakupa pali timano toyang'ana kumbuyo, ndipo zambiri zimatulutsanso zomatira zozimata pakhungu, n'chifukwa chake siichoka msanga. Ipatseni nthawi. Zija zamawangamawanga okongola kumsana, zimene zimapezeka pa mabere ndi pansi pa mchira wa ng'ombe, zili ndi milomo yaitali kuposa zinzake zambiri, ndiye ndi zimene zimaduka kawirikawiri.

Mlomo ukaduka n'kutsalira, musachite mantha ndipo musakumbe ndi singano kapena lezala. Ngati ukuoneka ndipo kachitsulo kakuugwira, uchotseni. Ngati ayi, tsukani muusiye. Thupi limautulutsa lokha. Kukumba ndiko kumabweretsa chilonda cha mafinya.

9. Tsukani polumidwapo ndi m'manja ndi sopo, pakani sipiliti.

10. Nkhupakupayo iponyeni m'kabotolo muli sipiliti kapena palafini, tsekani. Osaiphwanya ndi zala. Pali nthenda yoopsa yotchedwa Crimean-Congo, yotaya magazi, imene ku South Africa anaipeza koyamba mu 1981. Imafala ndi nkhupakupa za miyendo ya mizeremizere, ndipo munthu angaitenge ngakhale pongoziphwanya ndi manja. Si nthenda yofala, koma palibe chifukwa choiputira. Musaitayenso pansi yamoyo: yaikazi yokhuta ikagwa imaikira mazira masauzande.

11. Lembani tsiku ndi malo a pathupi. Jambulani polumidwapo. Sitepe iyi imaoneka yachibwana, koma ndi imene idzakuthandizeni kutsogoloku.

Masabata awiri otsatira

12. Yang'anani polumidwapo tsiku ndi tsiku. Kufiira pang'ono ndi kuyabwa kwa masiku awiri kapena atatu si vuto. Chimene mukuyang'anira ndi kachilonda kokhala ndi nkhanambo yakuda pakati, kofiira m'mbali, kawirikawiri kosapweteka. Nthawi zina timakhala tiwiri kapena titatu m'malo osiyana. Pamodzi ndi kachilondako pamabwera mwanabere mbali yomwe mwalumidwa, kutentha thupi, mutu woboola, kuphwanya m'thupi ndi kuuma khosi, ena amatuluka totupa. Izi zimayamba pakatha masiku 5 mpaka 10. Nthendayi madokotala amaitcha African tick bite fever, ndipo imayamba ndi kachilombo kotchedwa Rickettsia africae kamene kamayenda ndi nkhupakupa zamawangamawanga zija. Nkhupakupa za agalu nazo zimafalitsa mbale wake wa kachilomboka, Rickettsia conorii, amene nthawi zina amadwalitsa kwambiri.

13. Mukatentha thupi pitani kuchipatala tsiku lomwelo, ndipo lolani akuyezeni malungo, chifukwa kwathu kuno malungo ndiwo amapha msanga. Koma musanakhale n'komwe pa mpando nenani kuti: "Adokotala, ndinalumidwa ndi nkhupakupa pa tsiku lakuti, malo ake ndi awa." Aonetseni chilondacho, ngakhale chili pobisika. Dokotala amene waona anthu ambirimbiri otentha thupi kuyambira m'mawa sangalote kuti muli ndi nkhanambo yakuda m'mphechepeche. Kayezedwe kachangu ka malungo sikaona Rickettsia, ndipo mankhwala a malungo a LA sapha kachilomboka. Mankhwala ake enieni ndi doxycycline, amene amapezeka m'zipatala zambiri, ndipo ambiri amayamba kupeza bwino pakatha masiku awiri kapena atatu. Amoxicillin amene anthu amakonda kugula pa golosale sagwira ntchito pa nthendayi. Ngati ndinu oyembekezera, kapena wodwala ndi mwana wamng'ono, nenani kuti adokotala asankhe okha choyenera.

Ine ndimaona kuti chovuta chachikulu chili pamenepa. Munthu akauzidwa kuti malungo mulibe, amabwerera kunyumba ndi panado, kenako maganizo amapita kwina, ena mpaka kukayamba kuloza anthu zala. Pomwe chikanathandiza ndi chiganizo chimodzi chokha chonena za nkhupakupa.

Musadikire kuti kuche ngati wodwala akutuluka magazi m'mphuno kapena m'nkhama, akusokonezeka mutu, akubanika, kapena wafooka miyendo.

Ziwiri zapadera. Ngati mumagona m'nyumba yadothi ya ming'alu ndipo thupi limatentha masiku angapo, kuleka, n'kuyambiranso, ganizirani za nkhufi, mtundu wina wa nkhupakupa. Izo zimaluma usiku, zimayamwa kanthawi kochepa n'kubwerera m'ming'alu, choncho simuzipeza pathupi. Nthenda yake ndi yoopsa kwambiri kwa amayi oyembekezera, ndipo imaoneka akayeza magazi pa maikulosikopu. Ndipo abale athu amene amagwira ntchito m'minda ya maluwa ndi m'mapaki ku Britain kapena ku America, kumeneko chachikulu ndi nthenda ya Lyme. Chizindikiro chake ndi kufiira kozungulira kumene kumanka kukula kuchokera polumidwa, pakatha masiku 3 mpaka 30. Pa khungu lakuda sikuoneka kofiira kwenikweni, kumangokhala ngati pathimbirira, ndiye onetsetsani bwino ndipo uzani dokotala wanu.

Galu

14. Mufufuzeni madzulo aliwonse nthawi ya mvula. Mukhazikeni pansi, mumusisite mobweza ubweya. Yambani m'makutu, m'kati ndi kunja, chifukwa ndi mmene zimadzaza. Pitani m'khosi pansi pa kolala, kukhwapa, m'mphechepeche, pansi pa mchira, ndipo tambasulani zala za mapazi imodziimodzi. Chotsani monga tafotokozera pa sitepe 6 mpaka 10. Musanakoke onetsetsani kuti chili ndi miyendo. Anthu ena amalimbana ndi bere la galu kapena njerewere, galu akulira. Zimene zalowa m'kati mwenimweni mwa khutu musazitokose ndi kamtengo, mankhwala ndiwo adzazipha. Galu amene sanazolowere kugwidwa mumumange kukamwa ndi kansalu, wina amugwire.

15. Mutetezeni ndi mankhwala, chifukwa kufufuza kokha sikukwana. Tizilombo tina timafuna kuti nkhupakupa iyamwe tsiku lathunthu kapena awiri tisanalowe m'thupi, koma tina timalowa m'maola ochepa chabe. Njira zilipo zingapo, malinga ndi thumba:

- Dibi wosungunula m'madzi wokhala ndi amitraz. Ndi wotsika mtengo, koma amafuna kubwereza pafupipafupi komanso kuyeza mosamala.
- Odontheza pakhungu kuseri kwa khosi, monga a fipronil, pafupifupi mwezi uliwonse. Patulani ubweya kuti afike pakhungu, ndipo galu asasambe masiku awiri.
- Mapiritsi otafuna: NexGard amagwira mwezi umodzi, Bravecto pafupifupi masabata 12. Ndi okwera mtengo, koma mvula siwatsuka.
- Kolala ya mankhwala monga Seresto, imene imatha kufika miyezi 8.

Onsewa amayendera kulemera kwa galu. Ngati muli ndi sikelo yopondapo, dziyezeni mutamunyamula, kenako muli nokha, muchotsere. Ngati ndi yokoleka ya mbewu, muikeni m'thumba lotseguka kukamwa.

16. Pomusambitsa dibi, chitirani panja podutsa mphepo, mutavala magolovesi. Yezani ndi sirinji muyezo wa agalu wolembedwa pa botolo, osati wa ng'ombe, osatinso wa "kungothira pang'ono". Nyowetsani thupi lonse ndi kansalu, kupewa maso, mphuno ndi pakamwa. Osamutsukuluza, aume yekha pamthunzi, ndipo ana asamugwire mpaka ataumiratu. Madzi otsala kumbirani dzenje kutali ndi chitsime, mtsinje ndi dziwe la nsomba.

Chenjezo: amitraz si wa amphaka, si wa tiana ta galu, ndiponso si wa galu wodwala kapena wofooka. Mankhwala a agalu okhala ndi permethrin amapha mphaka, ngakhale atangogona mokhudzana ndi galu amene wangopakidwa kumene. Galu akayamba kudzandira, kutuluka dovu kapena kugona mosadzuka mutamusambitsa, mutsukeni ndi sopo ndi madzi ambiri, thamangani naye kwa a zaziweto mutatenga botololo.

17. Phunzirani kuona nkhama zake. Tukulani mlomo wam'mwamba lero, akadali bwino, kuti mudziwe mtundu wake: zimakhala zofiirira, zonyowa. Galu amene watenga Babesia, kachilombo kolowa m'maselo ofiira a magazi n'kuwaphwanya, nkhama zake zimayera, kenako zimasanduka zachikasu pamodzi ndi maso. Mkodzo umada kapena kufiira. Amakana chakudya, amangogona, amapuma mofulumira. Kutentha kwa galu wabwinobwino ndi madigiri 38 mpaka 39.2, ndiye kupitirira apo ndi chizindikiro. Mtundu wa Babesia wa kum'mwera kwa Africa kuno ndi waukali, umatha kupha galu m'masiku ochepa, makamaka ana agalu ndi agalu a mitundu yakunja. Nthenda ina ndi Ehrlichia, yoyenda pang'onopang'ono: galu amaonda, amatuluka kamfuno, timadontho tofiira timaoneka pamimba ndi m'nkhama. Zonse ziwiri zimaonekera pakatha sabata imodzi mpaka masabata atatu chilumidwireni, ndipo galu mmodzi akhoza kukhala nazo zonse.

18. Mukaona nkhama zoyera, tsiku lomwelo pitani naye. Kumudzi funsani alangizi a ziweto ku ofesi ya zaulimi ya m'dera lanu (EPA). M'tauni kuli madokotala a ziweto, komanso LSPCA ku Lilongwe ndi BSPCA ku Blantyre. Kadontho ka magazi a kunsonga kwa khutu kamaonetsa Babesia pa maikulosikopu. Jakisoni wake ndi diminazene, amene alimi a ng'ombe amamudziwa kuti Berenil, kapena imidocarb. Musamubaye nokha. Pa galu, muyezo wochiza ndi muyezo wowononga ubongo zayandikana kwambiri, ndipo kubwereza jakisoniyo pasanapite nthawi kumatha kupha. Ehrlichia amachiza ndi doxycycline kwa masiku 28, ndipo amalize onse ngakhale galu atayamba kuthamanga pa tsiku lachinayi.

Galu sangakupatsireni matendawa pokunyambitani. Chimene amachita ndi kukutengerani nkhupakupa kuchokera kutchire kufika pakhonde.

Khola ndi pabwalo

19. Nkhupakupa yofiirira ya agalu ndi yosiyana ndi zinzake: imatha kukhala moyo wake wonse m'khola kapena m'nyumba, ndipo imapirira miyezi osayamwa. Ikakhuta imagwa, kukwera khoma, kubisala m'ming'alu ndi m'denga la khola n'kuikira mazira. N'chifukwa chake mumasambitsa galu Loweruka, pofika Lachitatu zadzazanso. Tulutsani masaka ndi nsanza zogonera, zakutha muzitenthe, zabwino muziviike m'madzi owira. Thirani madzi owira m'ming'alu, poperani makoma mpaka kudenga ndi mankhwala amene a zaziweto akupatsani, matani ming'alu ndi simenti kapena dothi. Galu abwerere m'kholamo mukauma. Bwerezani pakatha masabata awiri, ndipo kenanso, chifukwa mazira amakhala akuswabe.

20. Tchetchani udzu kuti dzuwa lifike pansi, sesani masamba ouma, lambulani kanjira ka dothi lokhalokha pakati pa dimba ndi tchire. Milu ya nkhuni ndi zinyalala ichoke pafupi ndi nyumba, chifukwa makoswe amanyamula tiana ta nkhupakupa. Nkhuku ndi nkhanga zimatola zina, koma musaziwerengere ngati mankhwala.

Zolakwika zimene anthu amabwereza

Kuotcha ndi machesi kapena ndudu, kupaka Vaseline, palafini kapena mankhwala opaka zikhadabo kuti "ibanike ichoke yokha". Nkhupakupa imapuma pang'onopang'ono kwambiri, siibanika msanga, ndipo nthawi yonse mukuidikirayo malovu ake akulowabe. Moto umangokuwaulani khungu.

Kupaka galu oyilo wakuda wa galimoto, kapena kumuwaza mankhwala a mbewu ndi a anankafumbwe. Galu amadzinyambita. Agalu ena amene eni ake amati adyetsedwa chiphe ndi anansi amakhala atapakidwa zoterezi pakhomo pomwepo.

Kupatsa galu wodwala mankhwala a anthu ochepetsa ululu. Ibuprofen amaboola m'mimba ndi kuwononga impso zake, ndipo panado akachuluka amawononga chiwindi. Kwa mphaka piritsi limodzi la panado ndi imfa.

Kuteteza galu mmodzi, uja wokondedwa wa m'nyumba, n'kusiya awiri olondera kunja. Onse alandire mankhwala tsiku limodzi.

Kusiya mankhwala mvula ikangotha. Za m'khola sizidziwa nyengo.

Kugawa piritsi la galu wamkulu kwa tiana titatu, kapena kusakaniza dibi, kolala ndi odontheza nthawi imodzi kuti "zigwire bwino". Funsani kaye a zaziweto kuti ndi ati amayenderana.

Kumwa doxycycline wotsala wa munthu wina mutangolumidwa, musanadwale n'komwe. Nkhupakupa zambiri sizikhala ndi matenda, ndipo kumwa mapiritsi awiri atatu n'kusiya kumangosokoneza zizindikiro zimene adokotala akanaona. Lembani tsiku, yang'anirani chilonda, ndipo thupi likatentha pitani kuchipatala ndi kabotolo kaja m'thumba.